Batani Loimitsira Mawu a Malemu Saturnino

Mawu amene ankamveka m'mahedifoni anaduka mwadzidzidzi, sikirini n'kuda bii. Wilber Sulca atasuzumira m'kachipinda komvetserera, anapeza mayi Teófila atawerama pansi pa tebulo, chingwe cha magetsi chili m'manja, chipewa chawo chitagwera pambali.

"Mamita, mwazulanso?" anafunsa, akuwaitana monga amaitanira amayi achikulire kumeneko.

"Ndazula, nanga nditani? Munthu ndikumuuza kuti tadikira kaye, iye osamva. Ali moyo ankangokhala duu ngati mwala. Lero wamwalira ndiye sakufuna kutseka pakamwa."

Wilber anawagwira mkono n'kuwakhazika pampando. Anatola chipewa, n'kuchisasa fumbi.

Ofesi ya bungwe la amayi inali pamwamba pa shopu ya wosoka nsapato, kufupi ndi msika waukulu wa Huamanga. Kumeneko n'kumene kunkasungidwa mawu a anthu amene abale awo anatengedwa ndi amuna a mfuti m'zaka za nkhondo osabwereranso. Kale mawuwo anali m'makaseti. Makaseti atayamba kuvunda, anawasamutsira m'kompyuta, ndipo pulogalamu yomvetserera analemba ndi Wilber. Iye ntchito yake yeniyeni inali ku kampani ina yaing'ono yolemba mapulogalamu a mashopu ogulitsa mankhwala. Kuno ankabwera Lachinayi masana kudzakonza zomwe zawonongeka.

Pulogalamuyo inali ndi batani limodzi lokha. Munthu akalidina, mawu ankayamba pachiyambi n'kuyenda mpaka kumapeto. Akatseka kapena kuzimitsa kompyuta, ulendo wina ankayambiranso pachiyambi pomwepo.

Mayi Teófila Yaranga ankagulitsa tchizi mumsika. Mwamuna wawo, Saturnino, anamwalira mvula ili mkati. Mwana wawo woyamba, Hilario, anatengedwa ali mnyamata, tsiku lomwe iwo anali ku maliro ku Huanta, kamtsikana kawo Edilberta kali kumbuyo. Pobwera anapeza mwamuna ali gone m'magazi, mwana palibe. Saturnino anachira, koma za tsiku limenelo sanalankhulepo m'nyumba mpaka kulowa m'manda. Maliro a Saturnino atatha m'pamene mayiwo anamva kuti kale kwambiri mwamuna wawo anakwera yekha masitepe a ofesiyi n'kudzajambulitsa mawu.

"Ndimafika pa agalu," anatero mayi Teófila akuvala chipewa. "Akangoti agalu anayamba kuuwa kumunsi kwa munda, chifuwa changa chimatseka. Ndikabwera tsiku lina, ayambirenso: dzina langa ndine Saturnino Vilcatoma, ndinabadwira kwakuti. Ngati kuti dzina lake sindilidziwa! Kodi mwanawe, chinthu chakochi sichingaime? Ngakhale bulu amaima ukamuuza."

"Chingathe kuima, mamita."

"Ndiye ukudikira chiyani? Ndife kaye?"

"Mpaka ndilankhule ndi doctora."

"Kalankhule nawo. Uwauze kuti Teófila sakufuna kuthawa. Akufuna kumwa mankhwalawa ndi sipuni, osati ndi chidebe."

Atawatsitsa masitepe, Wilber anakagogoda kwa doctora Nélida Pariona, monga ankawatchulira mwaulemu, loya amene anatsogolera bungwelo kuyambira tsitsi lawo lili lakuda. Anawapeza akumwa tiyi wa muña, mafayilo ali mbwee patebulo. Anamumvetsera mpaka anamaliza, kenako anavula magalasi.

"Ukudziwa chifukwa chake pali batani limodzi?"

"Munandiuza kuti musaikepo china. Sindinafunse zambiri."

"Khala pansi. Nthawi ya makaseti kunabwera mwamuna wina wa pa wailesi, waulemu, tayi pakhosi. Tinamubwereka kaseti ya mayi wina wa kumtunda. Anadulamo chiganizo chimodzi n'kuchiulutsa. Chinamveka ngati mayiyo akuvomera kuti mwana wake anali m'gulu la akupha anthu. Anansi anasiya kumupatsa moni. Mumsika palibe anamugulanso mbatata. Anasamuka, ndipo anakafera kwa eni. Zitatero ndinaimirira pamaso pa amayi onse n'kulonjeza kuti mawu a munthu adzamveka onse, kapena sadzamveka n'komwe. Ambiri amene ndinawalonjeza ali kumanda, Wilber. Ndikawapemphe bwanji kuti andimasule?"

"Koma doctora, kuimitsa si kudula."

"Lero kuimitsa. Mawa wina adzati tabwezerani pang'ono, mkuja wina adzati talumphitsani apa. Walira mvula walira matope."

"Ndiye mayi aja azingozula chingwe? Tsiku lina kompyuta idzapsa."

"Kompyuta tidzapeza ina." Anapumira m'mwamba. "Usaganize kuti sindiwaona. Ndimawamva akamatsika masitepe. Nkhaniyi ndikaitula pa msonkhano wa amayi kumapeto kwa mwezi. Eni ake akavomera, udzaika."

Wilber anati chabwino, koma mumtima sanavomere. Kumapeto kwa mwezi kunali kutali, ndipo iye anali ataona mmene mapazi a mayi Teófila anatupira m'nsapato zawo za mphira.

M'mawa mwake ku kampani, anzake atapita kukadya, iye anatsala ndi laputopu yake. Ntchitoyo sinali yovuta. Olemba mapulogalamu ali ndi kachida kopangidwa kale komwe amangokalumikiza: kamabwera ndi batani loimitsira, lopitirizira, ndiponso kamzere kokhala ndi kadontho komwe munthu amakoka ndi mausi kuti afike pomwe akufuna. Anakalumikiza, n'kukayesa ndi nyimbo ya huayno imene inali m'laputopumo. Anaimitsa woimba ali pakati pa liwu, n'kumupitiriza. Zinayenda bwinobwino.

Pa kamzere kaja anaima kaye. Mawu a doctora anamubwerera. Anaika chala pa batani lofufutira, kenako anachichotsa. Anaganiza za mayi Teófila akumveranso dzina la mwamuna wawo ndi mudzi womwe anabadwira, ndi ng'ombe zomwe anali nazo, kuti akafike pa agalu aja. Bwanji osangokoka kadonthoko n'kuyambira pomwe anasiyira? Anati mumtima, ndiika pa kompyuta imodzi yokha, ya iwo okha, ndipo ine ndidzakhala pomwepo. Kamzereko anakasiya.

Lachinayi lotsatira doctora anali ku khoti. Mayi Teófila anabwera ndi mwana wawo Edilberta, namwino wa pa chipatala china chaching'ono, ali m'yunifolomu, maso pa wotchi.

"Ndiwe mwini wake wa makina ogontha aja?" anafunsa Edilberta.

"Lero akumva," anayankha Wilber akumwetulira. "Onani mamita, apa mukadina aima. Mukadinanso apitiriza. Ndipo kadontho aka mukakakoka, mufika pomwe mukufuna."

"Doctora avomera?"

"Tikungoyesa kaye."

Mayi Teófila anamuyang'ana m'maso, n'kukhala pampando. Edilberta anazula mahedifoni kuti amve onse awiri pa sipika.

"Amayi, munati munasiyira pa agalu eti? Tisataye nthawi, ine ndikulowa ntchito madzulo ano."

Anagwira mausi n'kukoka. Mawu a bambo ake anatuluka akunena za chimanga cha chaka chimenecho. Anakokanso, akunena za mvula. Wilber anatambasula dzanja kuti amuthandize, koma Edilberta anali atakoka kale kachitatu, mwamphamvu, kadontho n'kukagwera patali. Mawu a Saturnino anadzaza kachipindako, odekha, omveka bwino.

"Mwana ameneyu si wanga. Mutengeni, mukachite naye zomwe mukufuna."

Edilberta anadina batani loimitsira. Linagwira ntchito yake bwino lomwe. M'chipindamo munangoti zii, kumangomveka nyundo ya wosoka nsapato pansi.

Mayi Teófila anakhala osagwedezeka, maso pa sikirini. Kenako anakoka nsalu yawo ya pamapewa, n'kuimanga pachifuwa mosamala ngati akupita ku tchalitchi.

"Tiye, Edilberta."

"Mamita, dikirani," anatero Wilber. "Talumpha zambiri. Tibwerere m'mbuyo pang'ono timve chomwe..."

"Usagwirenso chinthu chimenecho!" anakuwa Edilberta. "Sunakhutire?"

Anatsika masitepe, mwana atagwira mayi ake m'chiuno. Wilber anatsala ataimirira, akuyang'ana kadontho kaja pomwe kanaima. Akanatha kukabweza yekha n'kumva zomwe zinali kumbuyo kwa mawuwo. Dzanja linakana.

Doctora atabwera kuchokera ku khoti, Wilber anawauza zonse asanaike n'chikwama chomwe pansi. Sanakalipe. Analowa m'kachipinda kaja, n'kuyang'ana sikirini nthawi yaitali.

"Safunsa anadya phula," anatero motsitsa mawu. "Koma iwe unafunsa, ndipo ndinakuyankha. Chomvetsa chisoni n'choti phulalo sunadye ndiwe. Adya ndi mayi aja."

"Ndalakwa, doctora."

"Walakwa, inde."

"Inu munawamva mawu onsewa. Bambo aja ankatanthauza chiyani?"

"Ndinawajambula ndine. Nawenso ukufuna kachidutswa kako?" Anazimitsa kompyutayo ndi dzanja lawo. "Loweruka m'mawa undipeze pakhomo la msika. Tikawaone."

Loweruka anapeza benchi ya mayi Teófila itafundidwa pulasitiki. Mayi wogulitsa buledi wa chapla pafupi anati sanabwere chichokereni Lachinayi, chinthu chomwe sichinachitikepo ngakhale sabata ya maliro. Anakwera mototaxi kupita kumtunda kwa mzinda, komwe msewu umathera m'miyala, n'kumaliza ndi miyendo.

Edilberta ndiye anatsegula chitseko, ndipo anaima pakati pake.

"Doctora, inu lowani. Uyu atsale panja."

"Mulowetse," anamveka mawu a mayi Teófila m'kati. "Panja pali dzuwa."

Mayi Teófila anali pa mpando wamfupi pafupi ndi mbaula yozima, tsitsi losaluka. Pakhoma panali msomali ndi malo oyera pomwe panachotsedwa chithunzi. Mbira zinkalira pansi pa bedi, zikuoneka kuti sizinapatsidwe udzu.

"Khalani, doctora. Mundikhululukire, sindinaphike."

"Sitinabwerere chakudya, mamita."

"Ndikudziwa chomwe mwabwerera. Mwabwera kudzandiuza kuti ndisadandaule." Anaseka pang'ono, kuseka kouma. "Ine ndakhala ndikuwerenga m'mutu usiku ndi usana. Hilario ndinamubereka chaka chomwe tinakwatirana. Mwamuna wina sindinamudziwe, Mulungu ndi mboni. Ndiye munthu uja zaka zonsezi ankadya chakudya changa, kugona pambali panga, mumtima akuti mwana si wake? Ndi chifukwa chake sankalankhula? Ine ndinkati ndi chisoni. Ndinkayenda ndekha ku mapolisi, ku maenje onse omwe ankafukulamo mitembo, iye ali phee kunyumba, ine n'kumati musiyeni, anamupweteka. Kani anamupereka yekha ngati nkhosa."

"Si mmene mwamvera," anatero doctora.

"Ndi mawu ake. Kapena mukuti makutu anga nawo akalamba?"

"Makutu anu ali bwino. Mawu aja anatuluka pakamwa pake, koma sanali ake."

"Ndiye tiuzeni pompano!" anatero Edilberta. "Amayi sakudya, sakugona. Inu mukudziwa, mukungotipatsa miyambi. Ndi bambo anga amenewo!"

"Ndikhoza kukuuza, Edilberta. Ungandikhulupirire lero. Koma mawa m'bandakucha mayi akowa adzadzuka n'kuganiza kuti Nélida wandipaka mafuta pabala, wakonza nkhani kuti ndidye. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Munthu uja anakwera masitepe anga yekha, thukuta lili kamukamu, n'kunena zomwe zinamukanika kunena m'nyumba muno. Ndisamulande pakamwa. Bwerani mudzamve kwa mwini wake."

Mayi Teófila anatembenukira kwa Wilber, amene anali chiimire pafupi ndi chitseko, chipewa chake akuchipotokola m'manja.

"Nanga iwe, wameza lilime?"

"Mamita, wolakwa ndine. Doctora anandiletsa. Ndinaika kamzere kaja mwa ine ndekha. Edilberta sanalakwe, anangochita zomwe ndinamuonetsa."

"Unandimvera chisoni."

"Inde."

"Chifundo chinapha nkhwali, mwanawe. Koma ndinakutuma ndine, sindingakane." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Doctora, tamverani. Ndibwera. Koma sindibwera kuti mudzandimangirire pampando ngati kale, mawu akundithira ngati madzi a mumpopi wothyoka. Ndikafika pa agalu ndidzazulanso chingwe, ndipo ndidzafa ndi chiganizo chimodzi chija m'mutu. Kodi lonjezo lanu linali limenelo?"

Doctora anapukusa mutu.

"Ayi," anatero. "Ndinalonjeza kuti mawu adzamveka onse. Inu simunawamve onse, ndipo chokuletsani chinali batani langa lomwe lija." Anatembenukira kwa Wilber. "Ungapange choti chiziima n'kupitiriza pomwe chinaima, osalumpha ngakhale liwu limodzi?"

"Ndingathe."

"Osati ndingathe ya tsiku lija."

"Ndichotsa kachida konse kaja. Ndilemba ndekha."

"Udzandionetse ndisanawaitane mayiwa."

Wilber anagwira ntchitoyo Lamulungu lonse, patebulo la kukhitchini kwa mlongo wake komwe ankakhala. Anachotsa zonse zopangidwa kale n'kusiya batani limodzi lalikulu, lomwe munthu wa maso ofooka akanaliona ali chapatali. Ukalidina mawu ayenda, ukalidinanso aima. Analemba zoti pulogalamu izikumbukira pomwe womvera aliyense wasiyira, ngakhale magetsi atazima. Atayesa, anaona vuto lina: ukaimitsa munthu ali pakati pa chiganizo n'kubwera mawa, umayambira pa theka la mawu lopanda mutu. Izi zinamuopsa. Anakonza zoti popitiriza, mawu azibwerera m'mbuyo pang'ono, kuti womvera agwire kaye ulusi wa nkhani. Kutsogolo kokha ndiko anatseka.

Lachiwiri anapempha kuweruka msanga n'kupita ndi pulogalamuyo kwa doctora. Iwo anakhala pa kompyuta, magalasi pamphuno, n'kuyamba kudina chilichonse ngati mwana wosamva. Anakoka mausi uku ndi uku. Anadina manambala. Atadina kabatani ka muvi wolozera kumanja, mawu analumpha.

Doctora anatembenukira kwa Wilber.

"Ichi n'chiyani?"

"Chatsalira cha kachida kakale. Sindinachione."

"Ine nkhalamba ndachiona bwanji?"

"Inu mumafunafuna polakwika, doctora. Ine ndimafunafuna pokoma."

"Ndiye uyambe kufunafuna ngati loya. Konza ndikuona."

Anakonza iwo ali pambali pake. Doctora anayesanso mabatani onse, limodzilimodzi, mpaka anakhutira.

Lachinayi mayi Teófila anabwera tsitsi litalukidwa, atavala siketi yawo ya ku tchalitchi. Edilberta anali atasinthana ntchito ndi mnzake, ndipo wotchi sanavale. Wilber anawaonetsa batani, n'kuyamba kutuluka.

"Ukupita kuti? Khala apo. Unamva kachidutswa, umvenso zonse. Inunso doctora, musaime pakhomo ngati wobwereka mchere."

Anadina okha ndi chala chawo chokhakhala.

"Dzina langa ndine Saturnino Vilcatoma..."

Anamvera za mudzi, za ng'ombe, za chimanga, osagwedezeka. Mawu atafika pa agalu akuuwa kumunsi kwa munda, anadina. Chete. Anaimirira n'kupita pawindo, kuyang'ana anthu akudutsa mumsewu. Anatulutsa chimanga chokazinga m'thumba la siketi, kutafuna pang'ono, kupatsako Edilberta. Palibe anawafulumiza. Anabwerera pampando n'kudinanso, ndipo agalu aja anauwanso kachiwiri, nkhani n'kupitirira.

Anaimitsa pamene chitseko chinathyoledwa. Anaimitsanso pamene Saturnino anati Hilario anali atagona ndi nsapato chifukwa cha kuzizira. Apo anakhala nthawi yaitali, dzanja pakamwa. Edilberta anati, "Amayi, tikhoza kubwera tsiku lina," iwo n'kupukusa mutu.

Mawu anapitirira, odekha ngati munthu akufotokoza za ulimi.

"Anali ataphimba nkhope. Mkulu wawo anandigwadiritsa pabwalo, mnyamata atamugwira awiri. Anandiika mfuti apa, pansi pa chibwano. Anati, mdala, ife ndi iwe tilibe nawe mlandu. Ungonena mawu awa mokweza kuti amve, tikusiya. Unene kuti: Mwana ameneyu si wanga. Mutengeni, mukachite naye zomwe mukufuna. Ankaseka ponena. Ine ndinati, bwana, ndi wanga. Anandimenya ndi chitsulo cha mfuti. Anati nenanso. Ndinati ndi wanga, muoneni mphuno, ndi yanga, ndi ya bambo anga. Anandimenyanso. Sindikudziwa kuti kangati. Mano ndinkawalavula ngati chimanga. Ndinati tengani ine, iyeyu ndi mwana wa sukulu. Kenako sindinkaonanso, koma pakamwa pankanenabe. Ndipo Hilario anamva. Ndikudziwa kuti anamva, chifukwa akumukoka kumunsi kuja anakuwa kuti, tayta, bambo anga, basi, ndamva, khalani chete angakupheni."

Mayi Teófila anadina.

Edilberta anali atakwirira nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka. Doctora anavula magalasi n'kuyang'ana kudenga. Wilber anangoyang'ana nsapato zake. Pansi, wosoka nsapato anali atatsegula wailesi, ndipo kanyimbo kake kankamveka patalipatali.

"Chitsiru cha munthu," anatero mayi Teófila pomaliza. "Chitsiru chenicheni. Chinthu ngati chimenechi n'kuchisunga m'mimba mpaka kufa nacho? Ankaopa chiyani, kuti ndimuseka?"

"Akunena kutsogoloko chifukwa chake," anatero doctora.

"Musandiuze." Anakweza dzanja. "Mwanawe, kwatsala kotalika bwanji?"

"Mwina theka, mamita."

"Theka." Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Lero ndalekera pano. Ndikabwera Lachinayi ndidzamupeza pomwepa?"

"Pomwepa. Adzangobwereza mawu ochepa omalizawo, kenako n'kupitiriza."

"Amenewo abwereze. Amenewo ndilibe nawo mlandu."

Edilberta anapukuta nkhope n'kuyang'ana Wilber. Sanamupepese, ndipo iye sanayembekezere. Anangomufunsa ngati tsiku lina angadzabwere yekha kudzamvera kuyambira pachiyambi, pa dzina lake. Wilber anati pulogalamu idzamusungira malo akeake, osasokoneza a mayi ake.

Akuwathandiza kuimirira, doctora anati, "Wilber, pa msonkhano wa kumapeto kwa mwezi udzaimirira ndiwe. Udzawauze amayi zonse, kuyambira kamzere kako kaja mpaka lero. Usadzabise kanthu. Akakana, udzachotsa batani limeneli pa makompyuta onse kupatula pa mawu a Saturnino."

"Ndidzaimirira, doctora."

"Sadzakana," anatero mayi Teófila akumanga nsalu. "Ndidzakhala kutsogolo. Amene adzakane adzandiuze kuti iye anamva zake zonse osapuma."

Pamwamba pa masitepe anaima, n'kugwira mkono wa mwana wawo.

"Amayi, tikwere mototaxi ya kunyumba, mukagone. Simunagone sabata yonse."

"Kunyumba tipita. Tiyambe tadzera kumanda."

"Dzuwa limeneli? Mukatani kumanda lero?"

"Ndikamukalipire," anatero mayi Teófila, n'kuyamba kutsika, phazi limodzi, kenako linalo.